Ayezi wa pompopompo m'kalasi: firiji, mchere kapena soda ndi viniga?

Aphunzitsi anzanga a sayansi, njira zotchuka zoonetsera ana madzi akuundana m'kuphethira kwa diso zilipo zitatu, ndipo ngakhale zimaoneka ngati zofanana pamaso, zimene zikuchitika mkati mwa botolo n'zosiyana kwambiri.

Yoyamba ndi ya firiji. Mumagoneka botolo losatsegula la madzi osefedwa bwino, la mamililita 500, m'chipinda choundanitsa kwa maola awiri kapena awiri ndi theka. Madziwo amatsika pansi pa madigiri 0 koma saundana, chifukwa ayezi amafuna poyambira: kachitsotso, kathovu kapena kugwedezeka. Mukalitulutsa mwaulemu n'kulimenyetsa patebulo, mtambo woyera umayamba kukhosi kwa botolo n'kutsetsereka mpaka pansi m'masekondi ochepa. N'zokongola zedi. Vuto lake ndi loti njirayi imafuna magetsi osathima komanso firiji yoyandikana ndi kalasi. Kuyenda nalo botolo kuchokera kunyumba ya aphunzitsi, lidzakuundanirani m'manja musanafike pakhomo.

Yachiwiri, imene anthu amaikonda pa intaneti, ndi ya soda ndi viniga. Mumathira soda wophikira therere uja masipuni aakulu anayi mu lita imodzi ya viniga woyera, pang'onopang'ono kuti thovu lisasefukire. Kenako muphitse pamoto wochepa mpaka madzi atsale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, timibulu toyera titayamba kuoneka m'mbali mwa poto. Tsanulirani m'kapu yoyera, vundikirani, azizire. Mukaponyamo kambulu kamodzi kochokera m'poto muja, zonse zimauma gwa! Mukamatsanulira pa kambuluko, zimamera ngati chulu.

Koma tiwauze ana zoona: uyu si ayezi. Ndi mchere wotchedwa sodium acetate, ndipo pouma umatulutsa kutentha kopitirira madigiri 50, moti mwana akagwira kapu amva kufunda. Ndi mchere womwewu umene amaika m'timatumba tofunditsa manja ku mayiko ozizira. Ubwino wake, mukaupanga kamodzi mumangousungunulanso pamoto n'kuonetsa kalasi ina. Kuipa kwake, makala amatha ndithu, fungo la viniga limadzaza nyumba, ndipo mukapsereza pang'ono umasanduka wachikasu. Mukaphitsa mopereweza, simuona kanthu. Chonde, soda wake akhale wophikira, osati wopangira sopo uja. Ameneyo amawotcha khungu ndi maso.

Ine mtima wanga uli pa njira yachitatu, ya ayezi ndi mchere. Gulani ayezi kwa ogulitsa zoziziritsa kukhosi, mukulunge m'chiguduli kuti asasungunuke panjira, mumuphwanyephwanye n'kuthira mu ndowa. Sakanizani ndi mchere wa kukhitchini, gawo limodzi la mchere pa magawo atatu a ayezi. Mchere umachititsa ayezi kusungunuka, ndipo posungunukapo amayamwa kutentha, mpaka ndowayo ingathe kuzizira kufika pafupifupi madigiri 21 pansi pa 0. Kunja kwa ndowa kumayamba kuyera mbuu ngati mwawaza ufa. Imikani mmenemo timabotolo tating'ono ta madzi oyera, totseka bwino kuti madzi amchere asalowemo, ndipo musatigwedeze. Pakatha mphindi 10 mpaka 20 tulutsani kamodzi n'kutsanulira pa kachidutswa ka ayezi woyera m'mbale. Madzi amaundana akugwa, n'kuunjikana ngati phala lolimba.

Chimene ndimaikondera n'chakuti palibe chobisika. Pa njira ya firiji, ntchito yonse imachitikira mumdima ana kulibe. Pa njira ya viniga, mphunzitsi amaphika kunyumba n'kubwera ndi zotsatira zokha, ana n'kumaona ngati matsenga. Koma ndowa ili pakati pa kalasi, mwana wa Fomu 1 aviika yekha thermometer n'kuwerenga nambala ikutsika pomwe mnzake akuwaza mchere. Maphunziro awiri alowa nthawi imodzi: kuti mchere umatsitsa mlingo woundanira madzi, komanso kuti madzi oyera amatha kudutsa pa 0 osaundana. Ikani timabotolo tinayi kapena tisanu, chifukwa tina timafulumira kuundana tokha. Ndipo mukathira madzi a pa mjigo mu kamodzi, ana akhala ndi choyerekezera.

Ena amafunsa za feteleza wa urea. Inde, mukamusungunula m'madzi kapu imazizira bwinobwino, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha zinthu zoyamwa kutentha, koma musalonjeze ana ayezi ndi njira imeneyo.

Chenjezo lalikulu pa ndowa ndi ili: mwana asaike mchere ndi ayezi pakhungu, ngakhale mongosewera, chifukwa zimasiya chilonda ngati cha moto. Muvundulire ndi mthiko, ndipo timabotolo mugwire ndi nsalu.