Between Two Knees: ndinaseka mpaka misozi, kenako mtima unandiwawa (nyenyezi 4 pa 5)

Sewero limeneli ndinakaonera ku Seattle mu 2023, mnzanga wakuntchito ndi amene anandikoka, ine ndimangoti ndi drama wamba yoti tikaseke tibwerere. Tikiti sinali yotchipa ayi koma ndalama yanga sindikuidandaula olo pang'ono.

Analemba ndi gulu la anyamata asanu lotchedwa The 1491s, onse ndi eni nthaka a ku America, ena mwa iwo ngati Sterlin Harjo ndi Dallas Goldtooth mwina munawamvapo pa sewero la pa TV la Reservation Dogs. Dzina la gululo likunena chaka chimene Columbus anali asanafike. Ndiye "mawondo awiri" akunenedwa pa dzina la seweroli ndi malo otchedwa Wounded Knee kawiri, koyamba mu December 1890 pomwe asilikali a boma la America a 7th Cavalry anapha anthu a mtundu wa Lakota oposa 200, azimayi ndi ana omwe, kachiwiri mu 1973 pomwe a gulu lomenyera ufulu wa eni nthaka la American Indian Movement anakhala pamalo omwewo masiku 71 atazunguliridwa ndi mfuti za boma. Nkhani yake ikutsatira banja limodzi pakati pa zaka ziwirizi, Isaiah ndi Irma, ana awo mpaka zidzukulu.

Chimene chinandigwira ndi poyambirira penipeni. Wotsogolera nkhani, Larry, anabweretsa chigudumu chozungulira ngati cha mpikisano wa pa TV, koma mmalo mwa mphoto palembedwa mayina a malo omwe anthu ake anaphedwa mwaunyinji. Holo yonse azungu ambiri, ena kuseka ena kugwira pakamwa, mayi wina pafupi nane anangoti duu wagwira chikwama chake ndi manja awiri osadziwa ngati nkololedwa kuseka. Ine ndinakumbuka adzukulu kumanda kwathu, amakumba uku akuponyerana nthabwala zoti mlendo angadabwe nazo, koma ndi omwewo amene anyamula maliro paphewa. Kuseka kwa anthuwa nkotero, mwini chilonda ndi amene akuseka ndiye iwe sungamuletse.

Gawo la sukulu yogonera konko ya amishoni ndi lomwe linandilasa kwambiri. Ana kuwalanda kwa makolo, kuwameta, kuwapatsa mayina achizungu, kuwamenya akayankhula chinenero chawo, zimenezi zinachitikadi m'sukulu ngati ya boma ya Carlisle yomwe inatsegulidwa mu 1879. Ifenso ena tinakwapulidwapo kusukulu chifukwa choyankhula Chichewa koma madzulo timabwerera kwa amayi athu, anawa ayi, ena anakwiriridwa konko. Pa siteji Isaiah ndi Irma amabwezera ansembe ndi masisitere mwa ndewu yoseketsa ngati ya mu gemu, ndinaomba mmanja ndi mtima wonse.

Kumapeto ndi kumene anthu amagawanika. Amayerekeza tsogolo loti azungu onse achoka, nthaka yabwerera kwa eni ake, ndipo amawatsanzika ndi nyimbo ndi gule, magetsi ali ng'aning'ani. Mnzanga uja ndi mzungu ndipo mmene timatuluka anali chete, kenako anati zamupweteka koma akumvetsa. Kwa ine si chidani, ndi anthu omwe akhala akuuzidwa zaka zonsezi kuti mtundu wawo ukutha, tsono kwa mphindi zochepa atembenuza nkhaniyo kuti winayo alawe kukoma kwake.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa gawo lachiwiri linatalika, za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi Vietnam amathamanga nazo kwambiri moti ndinasokoneza kuti uyu ndi mwana wa ndani, komanso nthabwala zina ngati sunakulire ku America zimangokudutsa anzako akugubuduka. Musapite ndi ana, mawu ena ndi olaula ndithu. Likafika mu tauni yanu yambani mwawerenga pang'ono za Pine Ridge, dera lomwe kuli Wounded Knee, musanapite, ine ndinakawerenga nditabwerako usiku womwewo mpaka 2 koloko.