Mafuta oyeretsa khungu kapena mankhwala ofatsa: chochotsa madontho akuda n'chiti?

Ziphuphu zikapola zimasiya madontho akuda, makamaka pa khungu lathu lakudali. Ambiri amathamangira mafuta oyeretsa khungu a pamsika chifukwa sachedwa: pakangotha milungu iwiri nkhope yayamba kale kuwala. Koma ambiri mwa mafutawa amakhala ndi mankhwala amphamvu monga hydroquinone, clobetasol kapena mercury, nthawi zina osalembedwa n'komwe pabotolo. Clobetasol amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera, ndipo ukasiya kudzola ziphuphu zimabuka mwaukali. Mercury amawononga impso. Hydroquinone akadzoledwa kwa nthawi yaitali amabweretsa mawanga akuda bii m'masaya, ovuta kuchiza kuposa madontho oyamba aja. N'chifukwa chake dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Madokotala a khungu amamuperekabe, koma kwa miyezi yochepa komanso akuyang'anira.

Njira inayo ndi yochedwa. Mankhwala odzola ofatsa monga niacinamide, azelaic acid ndi vitamini C amachepetsa dontholo pang'onopang'ono osasintha mtundu wa khungu lonse, ndipo pamafunika kudekha kwa miyezi iwiri kapena itatu. Azelaic acid amathandizanso pa ziphuphu, ndipo amaloledwa kwa amayi oyembekezera, pomwe retinol, mankhwala ena a ziphuphu ndi madontho, saloledwa.

Ine ndimasankha yochedwayi, koma popanda mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yotetezayo), ndalama zimangopita pachabe. Dzuwa la mu Okutobala limadetsanso dontho lomwe linayamba kuzimirira, ngakhale pa munthu wakuda. Ndipo zala zisamafinye ziphuphu.