Geji yoyezera kompuresheni ya dizilo: pomwe imathandiza ndi pomwe imasocheretsa

Land Cruiser kapena Land Rover yakale ikayamba kuvuta kulira m'mawa, kufuka utsi woyera, kumwa oilo kapena kulavula madzi a mu radiyeta, mwini wake sachedwa kuuzidwa kuti injini yatha, ikufunika ovaholo. Mwina n'zoona, koma injini simasulidwa pongomvera phokoso. Chida chomwe tikuunika pano ndi seti yoyezera kompuresheni ya dizilo (mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda), ija yopanda dzina la kampani yodziwika, yobwera m'bokosi la pulasitiki. M'kati muli geji yofika 70 bar kapena 1,000 psi, paipi yake, ndi ma adaputa olowa pamalo a hita pulagi (zotenthetsa silinda poliza injini yozizira) ndi a injekita.

Geji ya petulo musaiyese pa ntchito imeneyi, chifukwa imathera cha pa 300 psi. Injini ya Toyota 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yomwe inayamba kupangidwa mu 1990, ikakhala bwino imafika 526 psi. Buku la Toyota limati isatsike kupitirira 384 psi, ndipo masilinda asasiyane ndi psi zoposa 71. Nambala yomalizayi, ya kusiyana kwa masilinda, ndi imene seti iyi imaigwira bwino, ndipo ndi chifukwa chake tikuti ndi yoyenera kugula.

Kayezedwe kake sikovuta, koma ambiri amalakwitsa pokonzekera. Injini ikhale yotentha, batire lodzaza. Chotsani ma hita pulagi onse, osati imodzi yokha, kuti sitata izungulitse injini momasuka, pa liwiro losachepera 250 rpm. Zulani waya wa solenoidi ya pa pampu kuti dizilo asapite ku ma injekita, ndipo waya wopereka magetsi ku ma hita muumate kuti usakhudze chitsulo. Silinda iliyonse izungulitsidwe mofanana mpaka singano itaima, nambala ilembedwe pomwepo.

Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, kawirikawiri gasiketi ya hedi yapsa pakati pawo. Silinda imodzi ikatsika yokha, ganizirani vavu yopsa, ring yothyoka, kapena konirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafuti) yopindika. Yomalizayi ndi matenda a galimoto zowoloka mitsinje: madzi akalowera ku eyakilina, pisitoni imalephera kuwapanikiza, konirodi n'kupindika pang'ono, ndipo kuchokera pamenepo pisitoni sifikanso pamwamba. Injini imalira ndithu, koma imagwedezeka ndi kufuka utsi woyera ikazizira. Musanaweruze vavu kuti yapsa, yezani mpata wa mavavu. Vavu yothina sitseka bwino, ndipo geji imaonetsa ngati silinda yafa pomwe vuto ndi shimu chabe, kachitsulo kosinthira mpata wa vavu.

Masilinda onse akatsika mofanana, apa ndiye muchenjere ndi seti imeneyi. Zikhoza kukhala kuti fumbi ladya masilinda ndi ma ring, zomwe zimachitikadi pa galimoto ya m'misewu yafumbi yokhala ndi fyuluta yong'ambika. Komanso likhoza kukhala bodza la chidacho. Adaputa yaifupi kuposa hita pulagi yeniyeni imasiya kampata kowonjezera m'chipinda choyakira mafuta, ndipo poti chipinda cha dizilo n'chaching'ono, kampatako kamatsitsa nambala kwambiri. Sitata yotopa imatsitsanso nambala, chimodzimodzi kuyezera kumalo okwera kwambiri komwe mpweya ndi wopepuka. Geji yakeyo sibwera ndi umboni uliwonse woti inayesedwa. Choncho nambala imodzi payokha musamasulire nayo injini. Khulupirirani kusiyana kwa silinda ndi inzake.

Ma adaputa ndiwo mbali yofooka. Ena ndi a chitsulo chofewa ndipo mazinga ake ndi osasalala, pomwe mazinga a saizi ya M10×1.0 ndi a M10×1.25 amaoneka ngati ofanana ndi maso. Pa hedi ya aluminiyamu ngati ya Land Rover 300Tdi, adaputa yolakwika ikakakamizidwa ndi sipanala imadya mazinga a hedi. Iyambe kulowa ndi zala. Ikakana, si yake. Ilinganizeninso kutalika ndi hita pulagi yomwe mwachotsa. Kavavu kosunga mpweya ndi kamphira ka pa cholumikizira sizichedwa kutha, ndipo singano ikamabwerera yokha mukasiya kiyi, vuto lili pa chida, osati pa injini.

Langizo lothira oilo mu silinda kuti muone ngati ma ring atha n'loopsa pa dizilo kuposa pa injini ya petulo. Pa dizilo oiloyo akhoza kuyaka n'kuphulitsa geji, kapena kudzaza chipinda n'kupinda konirodi yomwe inali bwino. Njira yabwino ndi kupopera mpweya wa kompuresa, cha pa 6 bar, mu silinda yokayikitsayo pisitoni ili pamwamba mavavu onse atatseka, injini itagwidwa kuti isatembenuke, kenako n'kumvetsera. Mpweya ukamveka ku ekizozi kapena kolowera mpweya, ndi vavu. Ukamveka pothirira oilo, ndi ma ring kapena pisitoni. Mu radiyeta mukatuluka thovu, ndi gasiketi kapena hedi yosweka. Chida chochitira zimenezi mu seti mulibe, n'chogula padera.

Palinso zomwe geji iyi siiona konse. Injini yomwe yanoka chifukwa mabeyaringi a kirankishafuti atha ikhoza kuonetsa kompuresheni yabwino pa masilinda onse. Imeneyo imadziwika ndi geji ya mphamvu ya oilo, komanso podula fyuluta ya oilo n'kuyang'ana tizidutswa tonyezimira m'mapepala ake. Mng'alu waung'ono wa hedi womwe umatseguka injini ikatentha nawonso umadutsa osaoneka. Umagwidwa ndi mankhwala abuluu oikidwa pakamwa pa radiyeta, omwe pa dizilo amasanduka obiriwira utsi ukalowa m'madzi.

Kwa mwini galimoto imodzi, kapena wofuna kuyeza 4x4 yakale asanaigule, seti iyi ikukwana. Makaniko woyeza injini tsiku ndi tsiku agule geji yodalirika ndi adaputa yopangidwira injini yomwe amaigwira kawirikawiri. Ogula iyiyi aiyese kaye pa injini yodziwika kuti ili bwino, nambala yake ailembe pa chivindikiro cha bokosi.