Laravel 5.8 ya pa flash kapena Laravel 12: woyamba agwire iti?

Mphwanga wina wa ku Mpondasi anandipeza pa Boma atanyamula laputopu, nkhope ili yakugwa. Mnzake anamukopera pa flash mavidiyo ophunzitsa version yakale ya 5.8 ya Laravel, chida chopangira mawebusayiti m'chilankhulo cha kompyuta cha PHP, iye n'kumatsatira mzere ndi mzere. Koma Composer, pulogalamu yotsitsira zida za PHP, inamutsitsira Laravel 12. Wa mu vidiyo akuti lembani 'HomeController@index' pa route, mzere wolumikiza adiresi ya tsamba ndi controller (code yoyankha tsambalo), iye walemba, sikirini n'kumuuza kuti "Target class does not exist". Masiku atatu akudziona ngati mbuli, chonsecho vuto silinali lake. Kuyambira pa Laravel 8, mu 2020, kungotchula dzina la controller motero sikukwaniranso.

Yakale ija, 5.8, ili ndi zokoma zake, tisakane. Mavidiyo ake ali mbwee, amayenda pamanja osadya bandulo, ndipo pafupifupi vuto lililonse wina analifunsa kale pa Stack Overflow, webusayiti ya mafunso a olemba mapulogalamu. Laputopu ya pa kaunjika yokhala ndi XAMPP (pulogalamu yoyesera mawebusayiti pa kompyuta yako) ya PHP 7 imayendetsa 5.8 bwinobwino, pomwe 11 ndi 12 zimafuna PHP 8.2 kupita m'tsogolo. Komanso malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanjamu akadali ndi mapulogalamu osungitsira zipinda olembedwa kalekale, ndipo wodziwa kuwakonza amadyerapo.

Koma ameneyo ndi ganyu ya munthu wodziwa kale. Woyamba akagwira 5.8 aphunzira kawiri. Adzazolowera kulembetsa middleware (code yosefa mapempho obwera ku webusayiti) mu fayilo ya Kernel.php, pomwe pa Laravel 11, mu 2024, fayiloyo inachotsedwa, zonse zinasamukira ku bootstrap/app.php. Adzazolowera Mix, chida chosonkhanitsira mafayilo a CSS ndi JavaScript, pomwe Vite inalowa m'malo mwake mu 2022. Choopsa kwambiri n'chakuti Laravel imatseka mabowo a chitetezo kwa zaka ziwiri zokha pa version iliyonse yamakono, ndiye 5.8 palibenso akuiyang'anira. Ungaikemo manambala a foni a makasitomala a munthu m'nyumba yopanda chitseko?

Ine ndimati agwire yatsopano, ndipo aziwerenga malangizo a pa webusayiti ya Laravel yeniyeni, atasankha version yofanana ndi yomwe ili mu kompyuta mwake. Ndi malemba okhaokha, sadya data ngati YouTube.

Mavidiyo a mphwanga aja sitinawafufute, chifukwa pa migrations ndi Eloquent, zida za Laravel zogwirira ntchito ndi database, maganizo ake sanasinthe kwenikweni. Tinangokonza mzere uja kukhala [HomeController::class, 'index'], tinaika mzere wa use wosonyeza komwe controller ili pamwamba pa fayilo, tsamba n'kutseguka magetsi asanathime.