LLM ya malamulo a bizinesi zodutsa malire ya pa intaneti: ndi yabwino koma Malawi mulibemo

Anzanga angapo a m'maofesi a maloya ku City Centre ndi ku Old Town akhala akundifunsa kuti kodi LLM (digiri ya masters ya malamulo) ija ndamalizayi ndi yoti munthu nkutayirapo ndalama, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi m'malo momayankha mmodzimmodzi pa WhatsApp. Ndi ya yunivesite ina ya ku UK, dzina sinditchula poti pali zina ndidandaule, yophunzira pa intaneti uli konkuno ku Lilongwe, ya malamulo a malonda a pakati pa mayiko komanso kufananitsa malamulo a mayiko osiyanasiyana. Ine ndimagwira kukampani ina ya ku Kanengo yoitanitsa katundu kunja, ndiye zomwe ndinene pano ndi za munthu amene makontirakiti amenewa amamupeza pa desiki Lolemba m'mawa, osati wofuna kukakhala lekichara.

Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo ndithu. Module ya kugulitsana katundu pakati pa mayiko yokha ija inandibwezera gawo lalikulu la fizi. Tangoganizani kontirakiti ya fetereza yolembedwa kuti CIF Beira. Mabwana ambiri kuno akaona zimenezo amangoti chabwino, katundu ndi wa wogulitsa mpaka afike pa doko la Beira, zikavuta panyanja ndi zake. Ayi ndithu. Pa Incoterms 2020, malamulo omasulira mawu ngati CIF pa malonda a pakati pa mayiko, wogulitsa amalipira sitima ndi inshulansi mpaka Beira inde, koma chiopsezo chimagwera iwe wogula katundu akangokwezedwa m'sitima kudoko la kwawo komweko, ndipo inshulansi imene amakakamizidwa kugula pa CIF ndi yotsikitsitsa ija ya Clauses C, yoti madzi akangolowa m'matumba mwina osakulipira olo tambala. Kuchoka pa Beira kudzera ku Tete mpaka thiraki idzalowe pa Mwanza kapena pa Dedza zonsezo ndi zako. Lekichara wake anatipatsa makontirakiti enieni ofufutidwa mayina kuti tipezemo mabowo, ndipo anatikhomerera kuti katundu wa m'kontena asamalembedwe CIF koma CIP, yomwe pano inshulansi yake ndi ya Clauses A yokwanira bwino. Zimenezi ku digiri yoyamba tinangozinunkhiza.

China chomwe chinanditsegula m'maso ndi CISG, pangano la ku Vienna la 1980 lija la kugulitsana katundu pakati pa mayiko. Malawi sanalowemo, South Africa ayi, UK nayonso ayi, ndiye ife ambiri timangoti sizikutikhudza. Koma China, Egypt, Zambia ndi Germany alimo. Mukagula makina ku Germany nkuvomera kachiganizo kakumapeto kaja koti kontirakitiyi iyendera malamulo a Germany, CISG yalowa pompo pokhapokha mutalemba poyera kuti simukuifuna, ndipo ili ndi zake, mwachitsanzo ukapeza katundu ali ndi vuto uyenera kudziwitsa wogulitsa msanga, ukangokhala phee kudikira board ikumane kaye ufulu wodandaula umatha. Timaziganizo timene anthu amasayina osawerenga poti tili kutsamba lomaliza ndi timene timadzaluma.

Za arbitration, kuthetsa mikangano kunja kwa khoti kudzera mwa woweruza amene mbali zonse zagwirizana, nazonso anaphunzitsa bwino kwambiri, mwina kuposa zonse. Malawi analowa mu New York Convention ya 1958 mu 2021, mochedwa zedi koma bola, ndipo tanthauzo lake ndi loti chigamulo cha arbitration chitha kukatsatidwa m'mayiko oposa 170, pomwe chigamulo cha Commercial Division ya High Court kuno ukapita nacho ku Dubai kapena ku Guangzhou ukayamba wavutika kaye kuti akumvere. Tinachita ka mlandu koyeserera pa Zoom, ine gulu limodzi ndi mayi wina wa ku Nairobi ndi mnyamata wa ku Karachi, ndipo kunena zoona anzanga a m'kalasi anandiphunzitsa zambiri kuposa manotsi ena.

Tsopano apa ndi pomwe pali dandaulo langa lalikulu. Pa webusayiti yawo analemba kuti pulogalamuyi ndi ya dziko lonse, koma ukalowamo dziko lonse lija ndi London, Brussels, New York, mwina Singapore pang'ono. Masabata ndi masabata tili pa Rome I (lamulo la EU lonena kuti kontirakiti iyendera malamulo a dziko liti) ndi malamulo ena a EU, Brexit uko, milandu ya ku Luxembourg uko, zabwinobwino koma kodi ine kasitomala wanga wa soya amene thiraki yake yaima pa Mchinji zimuthandiza chani. OHADA, imene inayamba mu 1993 ndipo mayiko 17 a mu Africa amagwiritsa malamulo a bizinesi amodzi kuphatikizapo DRC, inangopatsidwa ka nkhani kamodzi kowerenga ukafuna. AfCFTA, pangano la malonda aufulu mu Africa losayinidwa ku Kigali mu 2018 nkuyamba malonda pa 1 January 2021, inatchulidwa mongodutsa. COMESA ndiye zii, chonsecho bungwe lake loona za mpikisano pa malonda lili konkuno ku Lilongwe, ku Kang'ombe House, ndipo makampani akuluakulu ochita bizinesi m'mayiko angapo a COMESA akafuna kuphatikizana amayenera kukanena kumeneko, maloya a ku Johannesburg ndi Nairobi amatumiza mafayilo kuno ife tikungodutsa panja pa minibasi. Nkhani ya SADC Tribunal ya ku Windhoek, momwe inaimitsidwira itagamula mokomera Mike Campbell pa mlandu wa minda ndi boma la Zimbabwe, ndi phunziro lokwana kalasi yathunthu kwa aliyense wolangiza anthu oika ndalama m'chigawo chino, koma ndinachita kukaiwerenga ndekha.

Olo mbali yofananitsa malamulo ija, zitsanzo zonse ndi England, France ndi Germany. Zinathandizabe, sindikana, chifukwa ukamvetsa mmene a civil law ngati France ndi Germany amaganizira za good faith (kuchita zinthu mokhulupirika) ndi chifukwa chake kwa iwo consideration (mfundo ya ku England yoti mbali iliyonse ipereke kanthu kuti kontirakiti igwire) si nkhani, umayamba kumvetsa loya wa ku Mozambique amene malamulo ake anachokera ku Portugal, kapena wa ku South Africa ndi Zimbabwe a Roman-Dutch. Koma kulumikiza kumeneko umachita wekha, palibe amene angakuuze kuti dziko lopanda doko ngati lathuli katundu wake amadutsa m'malamulo amitundu iwiri kapena itatu asanafike ku Kanengo. Zili ngati suti ya pa kaunjika, nsalu yake ndi yapamwamba koma uyenera kupita nayo kwa telala kuti ikukwane.

Dissertation ndinalemba ya COMESA dala. Supervisor anali munthu wabwino, waulemu, koma ankatenga nthawi kuyankha maimelo ndipo ndemanga zake zinali za kalembedwe basi, za nkhani yeniyeniyo analibe zambiri zonena. Layibulale yawo ya pa intaneti ndi yonona, Westlaw, Kluwer, mabuku oti kuno sungawapeze pena paliponse, kungoti milandu ya kwathu mulibe, ndinkadalira MalawiLII ndi zolemba za tralac, bungwe la ku Stellenbosch lofufuza za malamulo a malonda, zomwe ndi zaulere kale.

Ndalama ndiye eeh. Fizi ndi ya mapaundi, ndipo amene munali ndi ngongole ya kunja mu November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mukudziwa zomwe ndikunena, module imodzimodzi yomweyo inangodzuka yakwera malipiro ako ali pomwepo. Kupeza forex ku banki nako ndi ntchito payokha, invoice, kalata ya sukulu, mafomu, kenako akuti dikirani tikuimbirani, uku tsiku lomaliza kulipira likuyandikira ndipo ofesi ya zachuma kusukuluko imangotumiza maimelo a makina oti titseka akaunti yanu. Munthu weniweni ukamupeza amamvetsa nkukuwonjezera masiku, vuto ndi kumupeza. Onjezanipo bandulo, chifukwa makalasi a live amadya data koopsa, komanso inverter kapena ka solar poti kalasi ya 6 koloko madzulo kwawo imakhala 8 koloko usiku kuno nthawi yawo yozizira, 7 koloko nthawi yotentha, ndipo magetsi akathima ku Area 25 samafunsa kuti muli ndi presentation. Bola amajambula makalasi onse, ndinkawatsitsa kuofesi nkumaonera usiku ana atagona.

Kwa achimwene ndi achemwali amene mwangotuluka kumene ku Zomba kapena ku MILE (Malawi Institute of Legal Education), ine ndingati dikirani kaye mugwireko ntchito, chifukwa popanda fayilo yeniyeni yoti muziyezerapo zimene mukuphunzira zonsezi zimangokhala za pamayeso. Komanso musasokoneze, LLM siikupatsani laisensi yoimira anthu m'khoti, kuno kapena ku England, imeneyo ndi njira ina. Amene mtima wanu uli pa malonda a mu Africa ndipo mungathe kuchoka pantchito chaka, kaonenikoni LLM ya International Trade and Investment Law in Africa ya ku University of Pretoria, dzina lake lokha likunena komwe yaloza, komanso funsani ku UNIMA zomwe ali nazo pa commercial law musanathamangire mapaundi. Koma ngati muli kubanki mukulimbana ndi ma letter of credit ndi malamulo ake a UCP 600, kapena kukampani yotumiza fodya, tiyi, nandolo, ndipo abwana avomera kulipirako theka, iyi ya pa intaneti ikuthandizani sabata yomweyo.

Musanalipire kalikonse afunseni a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede kuno, ngati sukuluyo amaizindikira, makamaka amene muli m'boma ndipo mukuyembekezera kuti pepalali likukwezeni giredi. Ndipo pemphani kuti muzilipira module imodziimodzi, pa fomu yolembetsera sanaike poonekera koma njirayo ilipo, ine anachita kundiuza mnzanga wa ku Lusaka tili kale pakati pa chaka.