Ukaputeni tifunse kuti: pagulu la ligi, pagulu lolipira, kapena kwa mnzathu wa kunja kwa ligi?

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi la FPL (Fantasy Premier League), masewera a pa intaneti amene umasankha osewera a Premier League ya ku England n'kupeza mapointi malinga ndi mmene asewerera, ndipo a kaputeni wako amawerengedwa kawiri. Womaliza anachita kuimitsa njinga yake pafupi ndi Saturday Market, foni ili m'manja, nati: "Akulu, inu mwakhalitsa mu FPL, kaputeni mumafunsa kwa ndani?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa ndinali ndi katundu, koma funsolo likufunika yankho lokwanira. Njira zonse zimene anthu amagwiritsa ntchito kuno ku Chipata ndinaziyesa, ndipo ziwiri mwa izo zinandipweteka.

Za osewera 15, za £100m, za kutenga atatu okha ku timu imodzi, sindizifotokoza. Amene akuwerenga izi akuzidziwa. Chimene anthu amaiwala ndi ichi: deadline, nthawi yotsekera kusintha timu, isanakwane, timu ya mnzako sungaione. Imene ukuona ukatsegula ligi, mpikisano wa iwe ndi anzako mu FPL, ndi ya sabata yatha. Amene wagula, amene wagulitsa, amene wamuveka lamba la ukaputeni, zonse zimaonekera chitseko chitatsekedwa kale, ola limodzi ndi theka masewero oyamba asanayambe. Nkhani yonse ya chilungamo pa uphungu ili m'kampata kameneko, pamene munthu angakuuze chimodzi iye akuchita china.

Ndiyambe ndi gulu la WhatsApp la ligi yanu yomwe, poti ndi kumene ambiri timayambira. N'laulere, yankho limabwera msanga, ndipo anthu ake amakudziwa. Ligi yathu ili ndi anthu khumi ndi anayi: aphunzitsi, wometa wa ku Kapata, woyendetsa minibasi ya ku Katete, ndi achibale angapo. Aliyense amaponya K100 nyengo ikamayamba, admin n'kusunga pa mobile money mpaka mwezi wa May. Si ndalama yoti munthu n'kumangira nyumba, koma ndi yokwanira kusintha mtima wa munthu.

Loweruka, pa 1 October 2022, ndinali ndi Haaland ndi Salah onse awiri. Lamba linali pa Haaland kuyambira Lachinayi. Mnyamatayo anali atamwetsa kale zigoli zitatu kwa Crystal Palace, zitatunso kwa Nottingham Forest. Cha m'ma 11 koloko, kutatsala ola limodzi, mlamu wanga, yemwe tinali naye pafupi kwambiri pa tebulo, ananditumira uthenga. Sanalembe pagulu ayi, anabwera kumbali.

"Alamu, ndikuuzeni ngati m'bale. Derby ya Manchester sikhala ndi zigoli zambiri. Salah ali pakhomo ndi Brighton, aphunzitsi a Brighton ndi atsopano. Ine ndasintha kale."

Mawu omalizawo ndi amene anandigwira. Akanangoti "ndikuganiza kuti Salah", ndikanayeza ndekha. Koma anati asintha kale. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pamene network imagwira bwino, n'kuchotsa lamba pa Haaland. 12 koloko itadutsa, matimu atatseguka, ndinalowa kukaona ya alamuwo. Haaland, kaputeni. Salah sanali mu timu yawo n'komwe.

Zotsatira zake ambiri mukuzikumbukira. Liverpool inalepherana ndi Brighton 3-3, Trossard anamwetsa zitatu, Salah sanagoletse. Mawa lake Manchester City inakwapula Manchester United 6-3, Haaland zigoli zitatu ndi ma assist (kupatsira mnzake wogoletsa) awiri, mapointi 23, kwa amene anamuveka lamba 46. Ndinaonera masewerowo pa bala ina ya ku Kapata, anthu akudumpha chigoli chilichonse, ine nditangogwira botolo la Fanta lomwe linafunda m'manja. Mapointi opitirira 15 anapita ndi uthenga umodzi wa mizere inayi.

Mapointiwo ndinawaiwala. Chimene sindinaiwale ndi yankho lawo nditawafunsa madzulo ake. Anaseka, nati: "Alamu, ndi masewera. Chilamu chimenechi." Ndipo pagulu panapezeka ena owaikira kumbuyo, kuti kupusitsana ndi mbali ya mpikisano, monga wosewera amanamizira kupita kumanzere n'kukhotera kumanja.

Apa m'pamene ndimakana, ndipo ndikanabe. Ife anthu a kum'mawa kuno nthabwala timazidziwa. Chilamu timachidziwa, chimbuya cha Angoni ndi Abemba timachidziwa. Pagulu lathu pali mphunzitsi wa Chibemba amene Lachisanu lililonse amalemba kuti ife a kum'mawa tiveke lamba goloboyi wa pa benchi, poti nzeru zathu zinathera ku mbewa. Tonse timaseka, timamubwezera, ndipo palibe amene amasintha timu chifukwa cha iye. Nthabwala imanenedwa pabwalo, ndipo womva amadziwa kuti ndi nthabwala. Zimene anachita alamu anga zinabwera kumbali, ndi mawu achifundo, ndi dzina la ubale. Anagwiritsa ntchito chikhulupiriro chimene ndimawapatsa pa maliro ndi pa matenda kuti apeze mapointi. Wosewera wonamizira kumanzere akunamiza mdani amene akudziwa kuti ndi mdani. Sayamba wamunong'oneza kuti ndine m'bale wako.

Patapita milungu iwiri ya kukangana, tinagwirizana malamulo atatu, ndipo ndi amene apulumutsa gululi. Uphungu uziperekedwa pagulu, osati kumbali. Wonena kuti "ine ndachita chakuti" aike chithunzi cha timu yake pomwepo. Ndipo aliyense ali ndi ufulu woyankha kuti "sindinena". Lachitatuli ena analidabwa, koma kwa ine ndi lofunika kuposa onse. Kubisa nzeru zako si kuba. Ngati wakhala usiku wonse kuwerenga mndandanda wa masewero n'kupeza sabata yabwino ya Bench Boost, pamene mapointi a osewera a pa benchi amawerengedwanso, palibe amene angakukakamize kuigawa kwa anthu amene mukulimbirana nawo K1,400. Ungokhala chete, kapena unene poyera kuti sunena. Bodza lokha ndi limene tinaletsa.

Pali zina zimene ndimaona kuti kuzibisa n'kuipa mtima, ngakhale palibe lamulo. Nthawi ya deadline ndi imodzi. Masewero oyamba akakhala a 12:30 ku England, kuno chitseko chimatsekedwa 12 koloko, koma iwo akabweza mawotchi awo kumapeto kwa October chimasunthira ku 13 koloko, ndipo kumapeto kwa March chimabwereranso pa 12. Kwa March kumeneko n'kumene anthu amagwa, poganiza kuti ali ndi ola lina. Nanga sabata zoyamba Lachisanu usiku kapena Lachiwiri? Tili ndi mnzathu wophunzitsa kumudzi cha ku Chadiza, amene amachita kukwera kachulu kuti uthenga ulowe, ndipo magetsi akazima foni yake imagona masiku awiri. Kumuimbira kuti "aphunzitsi, kaputeni wanu wamuika chizindikiro chofiira, wavulala" sikundichotsera kanthu. Nkhaniyo ili poyera kwa aliyense amene ali ndi bandulo. Kumupambana chifukwa kwawo kulibe network sikundikomera.

Choncho gulu la ligi ndi labwino pokumbutsana nthawi, pouzana za ovulala, ndi pa macheza. Pa ukaputeni ndi pa chip (mwayi wapadera ngati Bench Boost), ngati pali ndalama ndipo palibe lamulo loonetsa timu, musadalire.

Chaka chotsatira, mtima udakali wowawa, ndinalowa gulu lolipira. Ndinaganiza kuti munthu amene sali mu ligi yanga alibe chifukwa chondinamizira. Analengeza K50 pamwezi, ndinatumiza. Lachisanu loyamba kunabwera uthenga wakuti kaputeni wa sabatayo ali m'gulu lina la VIP, K30 pa gameweek (sabata ya masewero) iliyonse. Za K30 imeneyi panalibe pamene zinalembedwa ndisanalipire. M'mwezi wa ma gameweek anayi, K50 ija yasanduka K170. Ndinalipira kawiri, ndipo kawiri konse dzina linali la munthu yemwe dziko lonse linamuveka kale lamba. Mndandanda wa osewera oti tigule ndinadzaupeza, pafupifupi dzina ndi dzina, pa zolemba za Scout, zolangiza za FPL, zimene zili zaulere mu app ya Premier League momwemo. Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma uyu amalipiritsanso.

Ndalama yobisika yeniyeni sinali ya pa foni. Munthu amene mukumulipira sabata iliyonse sanganene kuti "sabata ino musachite kanthu, sungani transfer", ngakhale nthawi zambiri umenewo ndiwo uphungu wabwino koposa, makamaka tsopano pamene kuyambira nyengo ya 2024/25 munthu angasunge ma transfer aulere, mwayi wosintha wosewera, mpaka asanu. Akanena zimenezo, mufunsa kuti nanga talipirira chiyani. Ndiye sabata iliyonse amabwera ndi mayina atatu atsopano oti "musaphonye", inu n'kudya -4, chilango cha transfer yopitirira yaulere, sabata inayo -4 ina. M'milungu isanu ndinataya mapointi 16 pa zilango zimenezi (ma hit) zokha, ndipo wina amene ndinamugulitsa anali atakwera mtengo, pomugulanso ndinaonjezera ndalama. Mnyamata wina atafunsa mwaulemu kuti tione rank ya mwini gululo, malo ake pakati pa osewera FPL onse, anachotsedwa usiku womwewo. Pofika mwezi wachiwiri mauthenga ambiri anali a matikiti a betting. Ndinatuluka.

Za pa YouTube ndinene mwachidule: ambiri a iwo amaonetsa timu yawo ndi rank yawo, ndipo pa chilungamo amaposa gulu lolipira lija kutali. Vuto ndi bandulo, komanso akulankhula kwa anthu miyandamiyanda, sakudziwa kuti iwe watsala ndi £0.3m ndipo wildcard, mwayi wosintha timu yonse popanda chilango, unaiwotcha mu September.

Njira imene ndinakhazikikapo ndi ya munthu mmodzi amene amasewera FPL koma sali mu ligi yanga. Wanga ndi msuweni wanga wa ku Lundazi. Lachisanu madzulo, aphunzitsi a matimu atalankhula ndi atolankhani, timatumizirana zithunzi za matimu athu, yake ndi yanga, ndiyeno n'kuimbirana. Ndikakwera iye sataya kanthu, ndikagwa sapindula kanthu. Mtengo wake ndi mphindi khumi za foni.

Sikuti salakwa. Cholakwa chake chachikulu ndi chikondi cha kwathu. Mu October 2021, Patson Daka atagoletsa Manchester United ndipo patangopita masiku anayi n'kumwetsa zigoli zinayi kwa Spartak Moscow, msuweni anandiimbira mawu akunjenjemera kuti tigule mwana wathu lero lomwe. Tinagula tonse awiri. Zigoli za Europa League sizilowa mu FPL, ndipo ku Leicester City malo a kutsogolo anali a Jamie Vardy, choncho milungu yambiri Daka amalowa mochedwa kapena kukhala pa benchi. Tinataya mapointi. Koma Daka anali mu timu yake monga anali mu yanga, ndipo Lolemba lake tinadandaula limodzi. Sindinamusungire kanthu kumtima. Ndinangophunzira kuti akatchula wosewera wa ku Zambia ndiyambe ndaona mphindi zimene wasewera m'masewero asanu apitawo, ndipo iye amavomera kuti pamenepo maso ake saona bwino.

Ndikanena zoona, pa nzeru za mpira alamu anga amamuposa msuweniyu. Amawerenga masewero bwino, ndipo ligi yathu aipambana kawiri. Akadali pagulu, timadyera limodzi nsima pa Khirisimasi, ndipo malamulo atatu aja amawatsata. Chaka chatha anandilembera kumbali kamodzi, Loweruka m'mawa, za wotchinga kumbuyo wina wotchipa. Ndinawayankha kuti: "Alamu, lembani pagulu, muike ndi chithunzi." Analemba, chithunzi anaika, ndipo wosewerayo analidi mu timu yawo. Sindinamugule. Ndinali nditalankhula kale ndi wa ku Lundazi usiku wake.