Sewero kapena chimangirizo: tichonge bwanji ntchito yoyerekeza milandu?

Teremu yathayi ndinauza ana anga a Fomu 3 kuti atenge mlandu wa m'buku ndi mlandu weniweni, auyerekeze. Wa m'buku unali wa Shylock, Myuda wokongoza ndalama, ndi Antonio amene anamukongola, mu The Merchant of Venice, sewero la Shakespeare, wa ngongole ya ma ducat (ndalama za ku Venice) 3,000, imene chikole chake chinali mnofu wa munthu. Weniweni tinatenga wa chisankho cha 2019, womwe unazengedwa konkuno ku Lilongwe ndipo oweruza asanu anaugamula pa 3 Febuluwale 2020. Anawa anali aang'ono nthawi imeneyo, koma ambiri amakumbukira makolo awo atakhalira wailesi tsiku lonse. Kalasi ina ndinaiuza ichite sewero la bwalo la milandu, inayo ilembe chimangirizo. Aphunzitsi anzanga amene mukufuna kuyesa ntchito yotereyi, nazi zimene ndinapeza pochonga.

Sewero limadzutsa kalasi, n'zoona. Tinakoka tebulo kukhala malo a woweruza, nsalu yakuda inasanduka mkanjo wa loya, ndipo ngakhale ana okhala kumbuyo anawongoka. Mtsikana amene ankasewera Portia, mayi amene amadzibisa ngati katswiri wa malamulo pa mlanduwo, atafika pa mawu oti Shylock adule mnofu koma asakhetse dontho la magazi, mnzake wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, mayiyu si mkazi wa Bassanio, mnzake wa Antonio? Ndiye akuweruza bwanji mlandu wa mnzake wa mwamuna wake, atadzibisa chonchi?" Funso limenelo ndi mtima wa ntchito yonseyi, ndipo mwanayo analipeza chifukwa anaona mlanduwo ukuchitika pamaso pake.

Koma nditagwira cholembera kuti ndipereke malikisi, ndinasowa pogwira. Gulu la ana khumi, olankhula kwambiri anali atatu. Wosewera mboni ananena mizere iwiri n'kukhala pansi. Kodi sanawerenge, kapena mbali yakeyo inali yochepa? Mnyamata wa mawu aakulu anaomberedwa m'manja, koma nditamufunsa chifukwa chimene Shylock ankadanira ndi Antonio anangoyang'ana pansi. Mukapereka malikisi ofanana ku gulu lonse mwalakwira amene anagwira ntchito; mukapereka payekhapayekha mukuchonga kulimba mtima, osati kumvetsa buku. Sewero limadyanso mapiriyodi, pamene silabasi ikutidikira.

Chimangirizo chilibe chisangalalo chotere, koma chimaonetsa mwana aliyense payekha, ndipo ndi mmene MANEB idzamuyesere pa MSCE. Chabwino koposa chimene ndinawerenga chinachokera kwa mnyamata amene m'kalasi satsegula pakamwa. Iye analemba kuti bwalo la ku Lilongwe linayamba kumva mboni mu Ogasiti 2019, linayang'ana mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex kwa miyezi, pamene mlandu wa ku Venice uyamba n'kutha m'chigawo chimodzi cha sewero, pa kupotoza mawu a pangano. Anaonjeza kuti osakhutira ndi chigamulo cha 2020 anakachita apilo, ndipo Supreme Court inagwirizana nacho mu Meyi, koma Shylock analibe kothawira: analandidwa chuma n'kukakamizidwa kulowa Chikhristu pomwepo. Kenako anafunsa kuti n'chifukwa chiyani wolemba anaukonza choncho mlanduwo. Apo ndi pamene pali malikisi. Woweruza weniweni amamangidwa ndi malamulo ndi umboni, pamene wolemba amayendetsa mlandu kuti owonera amve chimene iye akufuna.

Matenda a chimangirizo nawo mukuwadziwa. Ndinapeza zingapo zokhala ndi ndime yofanana mawu ndi mawu, yokopedwa pa foni. Zina zinangofotokoza nkhani ziwirizi motsatizana popanda kuzikumanitsa. Zinanso zinasanduka msonkhano wa chipani, mwana kubwera ndi ndale za kunyumba. Pamenepa ndinaika lamulo: lemba zimene bwalo linanena ndi zifukwa zake, za amene umamukonda usiye pakhomo.

Ngati ndale za posachedwa zingakuvuteni, tengani mlandu wa Orton ndi Vera Chirwa, amene bwalo la mafumu linawagamula kuti aphedwe mu 1983 atakanizidwa kukhala ndi loya. Ukufanana kwambiri ndi wa Shylock, chifukwa mbali zonse ziwiri funso ndi lakuti bwalo linali lachilungamo kapena ayi.

Chaka chamawa sindidzasankhanso chimodzi n'kutaya chinzake. Sewero lidzayamba, lopanda malikisi, kuti ana aone mlandu ndi maso. Kenako aliyense adzalemba chimangirizo m'kalasi momwemo, mafoni ali m'zikwama, ndipo chidzatenga malikisi 80 pa 100. Mwa amenewo, ochuluka adzapita pa kuyerekeza kwenikweni ndi umboni wochokera m'buku ndi m'chigamulo, ochepa pa galamala. Otsala 20 ndidzapereka ndikamuitana mwana pa tebulo langa kwa mphindi zitatu n'kumufunsa mafunso awiri pa zimene walemba. Ndi kalasi yodzadza zidzanditengera masana angapo, ndipo ndavomera kutero.